Dzuwa la ku Persia pamapiri a ku Bombay

M'mabuku a ku Britain olembamo mabanja olemekezeka, aja amene udindo umachoka kwa bambo kupita kwa mwana, banja lililonse lili ndi chithunzi cha chishango chake. Ukamatsegula masamba umangokumana ndi mikango, mitanda, malupanga ndi mitu ya nguluwe. Koma ukafika pa chilembo J umapeza chishango chosiyana ndi zinzake. N'chabuluu. Kumunsi kwake kuli mapiri, ndipo kuseri kwa mapiriwo dzuwa likutuluka. Kumtunda kuli njuchi ziwiri zikuuluka. Pamwamba pa chishangocho, pakachulu, paima pikoko pakati pa tirigu, ngala imodzi ili kukamwa. Pansi pake pali mawu a Chingelezi otanthauza khama ndi kuwolowa manja. Mwini wake anali Sir Jamsetjee Jejeebhoy wa ku Bombay, mzinda umene lero ukutchedwa Mumbai, munthu woyamba wa ku India kulandira ulemu wa Sir kuchokera ku ufumu wa Britain.

Jamsetjee adabadwira ku India, makolo ake chimodzimodzi, agogo a agogo ake chimodzimodzi. Komabe iye ndi anthu a mtundu wake ankatchedwa Aparsi, kutanthauza anthu a ku Pars, ndipo dzinalo lidakalipo mpaka lero. Ulendo umene udawapatsa dzina limeneli ndi umene wajambulidwa pachishangocho, choncho nkhani iyenera kuyambira kumene ulendowo udayambira.

Pars ndi chigawo cha kummwera kwa dziko limene lero ndi Iran. Kumeneko n'kumene kudachokera Cyrus, mfumu ija Baibulo limaitcha Koresi, amene adagonjetsa Babylon m'chaka cha 539 Khristu asanabadwe n'kulola Ayuda kubwerera kwawo. Agiriki adatenga dzina la chigawocho n'kulipatsa ufumu wonse, ndiye Persia. Kalekale mafumu amenewa asanabadwe, mwina zaka 1000 kapena kuposerapo Khristu asanabadwe, kudali mneneri dzina lake Zarathustra, amene Agiriki ankamutcha Zoroaster. Iye ankaphunzitsa za Ahura Mazda, Ambuye Wanzeru, mlengi wa zabwino zonse, ndi za nkhondo ya pakati pa choonadi ndi bodza imene munthu aliyense amamenya nawo ndi maganizo ake, pakamwa pake ndi manja ake. Mfumu Darius idalemba dzina la Ahura Mazda mobwerezabwereza pathanthwe la ku Behistun, ndipo zolembazo zikuwerengekabe.

Otsatira Zarathustra amapemphera kasanu patsiku atayang'ana kuwala. Masana amayang'ana dzuwa, usiku moto kapena nyale. Popemphera amamasula ndi kumanganso kusti, chingwe cha ubweya wa nkhosa cha ulusi 72 chimene amamanga m'chiuno pamwamba pa malaya oyera a m'kati. M'kachisi mwawo mulibe fano, muli moto umene sauleka kuzima. Anthu akunja akhala akuwanena kuti amapembedza moto, ndipo dzina limenelo eni ake limawapweteka, pakuti kwa iwo moto ndi dzuwa ndi zizindikiro za Mlengi wosaoneka. Mu ufumu wa banja la Sasan, umene udalamulira Persia kuyambira 224 mpaka 651, chipembedzochi chinali cha boma. Ndalama zawo zasiliva zinali ndi nkhope ya mfumu mbali imodzi, guwa la moto mbali inayo.

Ufumuwo udagwa msanga. Asilikali a Aluya, atangolandira Chisilamu, adagonjetsa ankhondo a Persia ku Qadisiyya cha m'ma 636, kenaka ku Nahavand mu 642. Mfumu yotsiriza, Yazdegerd III, idathawira kummawa n'kukaphedwa pafupi ndi Merv mu 651, ndipo mbiri imati woipha anali munthu wamba, mwini mphero. Aparsi mpaka pano amawerenga zaka za kalendala yawo kuyambira 632, chaka chimene mfumu imeneyi idalowa ufumu. Kwa iwo nthawi idakali kuwerengedwa m'dzina la mfumu yotsiriza ya kwawo. M'zaka mazana zotsatira anthu ambiri a ku Persia adalowa Chisilamu, ena mwakufuna kwawo, ena pothawa jizya, msonkho umene unkaperekedwa ndi osakhala Asilamu. Otsala adachepa, ndipo ena mwa iwo adaganiza zosamuka.

Nkhani ya msamukowo idalembedwa mochedwa, cha m'ma 1599, ndi wansembe wa ku Navsari dzina lake Bahman Kaikobad, m'ndakatulo yotchedwa Qissa-i Sanjan. Iye adalemba zimene adamva kwa akuluakulu. Akuti othawawo adayamba abisala zaka 100 m'mapiri a ku Khorasan, kumpoto chakummawa kwa Persia. Dzina limeneli tilisunge, tidzalifunanso. Khorasan m'chinenero chawo ndi dziko la kotulukira dzuwa. Atachoka kumeneko adatsikira kudoko la Hormuz n'kukhalako zaka 15, kenaka adakwera zombo mpaka pachilumba cha Diu, pomwe adatha zaka 19. Akuwoloka kuchoka ku Diu adakumana ndi namondwe, ndipo adawinda kuti akapulumuka adzayatsa moto wopatulika koposa pamalo pomwe adzakocheze. Adakocheza ku Sanjan, m'mphepete mwa nyanja ku Gujarat. Za chaka chake, ena amawerengera 716, ena 936.

Mfumu ya deralo, Jadi Rana, idachita mantha itaona amuna achilendo okhala ndi zida. Idawalola kukhala, koma idaika malamulo: afotokoze chipembedzo chawo, asiye chinenero chawo n'kuyankhula cha eni dziko, akazi awo avale monga akazi a kumeneko, atule zida pansi, ndipo maukwati awo azichitika dzuwa litalowa. Iwo adavomera. Pali nthano ina imene m'ndakatulo ija mulibe, koma mwana aliyense wa Chiparsi amaidziwa. Akuti mfumu idawatumizira chikho chodzaza mkaka mpaka m'milomo, kuwauza mwa fanizo kuti malo adatha. Wansembe wawo adathira shuga mumkakamo pang'onopang'ono, osataya dontho, n'kubweza chikhocho. Kwathu timati mlendo ndi mame. Alendo awa adapempha kuti asakamuke, ndipo mtengo wake unali lilime lawo. Chigujarati chidasanduka chinenero cha pakhomo, sari idasanduka chovala cha amayi. Chimene adakana kutula ndi moto.

Moto umene adayatsa ku Sanjan adaupatsa dzina loti Iranshah, mfumu ya Iran. Mfumu ya thupi ndi magazi idafera ku Merv, ndiye adalonga moto m'malo mwake. Patapita zaka mazana angapo ankhondo a sultani wina adaukira Sanjan. Aparsi adamenya nkhondo kumbali ya mfumu imene idawasunga, adagonja, ndipo ansembe adanyamula moto n'kukaubisa m'mapanga a phiri la Bahrot kwa zaka 12. Kuchoka apo udapita ku Bansda, kenaka ku Navsari komwe udakhala nthawi yaitali, mpaka mu 1742 udakhazikika ku Udvada. Ukuyakabe kumeneko, ndipo ansembe amauthira nkhuni zonunkhira kasanu patsiku.

Kwa zaka zambiri Aparsi anali alimi, oomba nsalu, akalipentala, ogulitsa timalonda. Zinthu zidasintha Azungu atafika ku Surat. Amalonda a ku Portugal, Holland ndi England ankafuna anthu owamasulira ndi owapezera katundu, ndipo Aparsi, amene miyambo yawo sinkawaletsa kudya kapena kuyenda panyanja ndi anthu a mitundu ina, adailowa ntchitoyo. Mu 1661 zilumba za Bombay zidaperekedwa kwa Charles II wa ku England monga gawo la chuma chimene mkazi wake, Catherine wa ku Braganza, adabwera nacho muukwati. Mu 1668 mfumuyo idabwereketsa zilumbazo ku East India Company pa mapaundi 10 pachaka. Aparsi adayamba kutsikira kumeneko. Mu 1736 Lovji Wadia adachoka ku Surat kukakhoma zombo ku Bombay, ndipo banja lake lidagwira ntchito imeneyo mibadwo ingapo.

Mumzinda umenewu ndi momwe Jamsetjee adabadwira pa 15 July 1783, m'banja losauka la anthu a nsalu. Ubwana wake adathera ku Navsari. Mu 1799 mayi ndi bambo ake adamwalira chaka chimodzi, mnyamatayo ali ndi zaka 16, ndipo adatengedwa ndi amalume ake, a Framjee, amene ankagula ndi kugulitsa mabotolo akale ku Bombay. Dzina loti Batliwala, wa mabotolo, lidamukanirira ngakhale atalemera. Mu 1803 adakwatira msuweni wake Avabai, mwana wa amalume akewo.

Asanakwanitse zaka 20 anali atafika kale ku China pa ulendo wa malonda, ndipo maulendo ake onse a kumeneko adakwana asanu. Wachinayi ndi umene udatembenuza moyo wake. Mu July 1805 sitima ya Brunswick imene adakwera idagwidwa ndi zombo zankhondo za France pafupi ndi Ceylon. Katundu wake adapita, ndipo iye adatengedwa ngati wandende mpaka ku Cape of Good Hope, komwe pa nthawiyo kunkalamulidwa ndi Adatchi. Adabwerera ku Calcutta movutika pa sitima ya ku Denmark. Koma pa Brunswick paja adadziwana ndi dokotala wa m'sitimamo, mnyamata wa ku Scotland dzina lake William Jardine. Jardine adadzasiya udokotala n'kukakhala wamalonda ku Canton, komwe mu 1832 adakhazikitsa kampani ya Jardine, Matheson pamodzi ndi James Matheson. Ku Bombay mnzake wamkulu pa malonda anali Jamsetjee.

Apa nkhani iyenera kunenedwa mosapsatira. Katundu amene ankatumiza ku China anali thonje ndi opiyamu, ndipo phindu lalikulu linali mu opiyamu. Opiyamu ndi utomoni wa duwa lina, woledzeretsa, umene munthu akauzolowera kusuta amagulitsa munda, ziweto ndi zovala kuti aupeze. Unkalimidwa ku Malwa, m'kati mwa India, n'kutsikira kunyanja. Mafumu a China anali atauletsa, choncho unkalowa mozemba. Jamsetjee adasonkhanitsa anzake a zipembedzo zosiyana, Motichund Amichund wa Chijaini, Mahomed Ali Rogay Msilamu, kenaka Rogério de Faria Mkatolika wa ku Goa, ndipo kampani yawo idakhala pakati penipeni pa malonda amenewa, ili ndi zombo zakezake. Mu 1839 nduna ya China, Lin Zexu, idalanda mabokosi a opiyamu oposa 20,000 kwa amalonda achilendo ku Canton n'kuwawononga. Jardine adapita ku London kukaumiriza boma kuti lichitepo kanthu. Nkhondo idabuka, China idagonja, ndipo mu August 1842 idasaina pangano la ku Nanking, limene lidapereka Hong Kong kwa Britain ndi kulipiritsa China mtengo wa opiyamu wowonongedwa uja. Chaka chomwecho cha 1842 ndi chimene Mfumukazi Victoria adapatsa Jamsetjee ulemu wa Sir.

Chifukwa chimene chidanenedwa poyera chinali ntchito zake zachifundo, ndipo ntchitozo zinalipodi. Adalipirira ngongole anthu amene adatsekeredwa m'ndende chifukwa cholephera kubweza. Adathandiza anthu a ku Surat moto utapsereza mzindawo mu 1837. Adakumbitsa zitsime ndi maiwe, adamanga nyumba zogona apaulendo ndi zosungiramo okalamba, adathandiza kukhazikitsa khola losamalira ziweto zodwala ndi zotayidwa. Chipatala cha dzina lake, chimene anthu a ku Mumbai amangochitcha J. J., chidatsegulidwa mu 1845 ndipo chikuchiritsabe osauka. Mkazi wake Avabai ndiye adalipira msewu wodutsa pamadzi pakati pa Mahim ndi Bandra, pomwe anthu ankamira ndi mabwato nthawi ya mvula, ndipo adaika lamulo loti wodutsapo asamalipiritsidwe. Mu 1857 Jamsetjee adapereka marupi 100,000 oyambitsira sukulu ya zojambula, ija bambo a wolemba mabuku Rudyard Kipling adadzaphunzitsapo. Pomwalira mu April 1859, zopereka zake zodziwika zinali zitaposa mapaundi 230,000. Sankasankha mtundu: Mhindu, Msilamu, Mkhristu ndi Mparsi ankagona m'chipatala chimodzi.

Munthu wa ulemu wa Sir amayenera kukhala ndi chishango, ndipo pano ulendo wa ku Persia ukukumana ndi mwambo wa kutali kwina. Zizindikiro za pazishango zidayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100, pamene ankhondo a pakavalo ankavala zisoti zachitsulo zobisa nkhope, moti bwenzi ndi mdani sankasiyanitsika. Chimodzi mwa zakale kwambiri ndi cha Geoffrey wa ku Anjou, chabuluu chokhala ndi mikango yagolide, chimene mbiri imati adapatsidwa ndi apongozi ake, Henry I wa ku England, pa nthawi ya ukwati wake mu 1128. Chizindikiro chidayamba kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana, n'kukhala ngati mfunda wooneka ndi maso. Alengezi a mafumu, amene ntchito yawo inali kuzindikira ankhondo ndi kufuula mayina awo pamasewera a mikondo, ndiwo adasanduka osunga kaundula. Mu 1484 Richard III adawapatsa chikalata chowakhazikitsa kukhala bungwe, College of Arms, limene likugwirabe ntchito ku London. Lamulo lawo lalikulu n'loti chizindikiro chimodzi chikhale cha mwini mmodzi. Chodabwitsa n'chakuti chimene amasunga kwenikweni ndi mawu. Chishango chimafotokozedwa m'chinenero chapadera chosakaniza Chingelezi ndi Chifalansa chakale, ndipo wojambula aliyense akhoza kuchijambula mwa luso lake malinga asaphonye mawuwo.

Ife a ku Malawi chinenero chimenechi timachiona tsiku ndi tsiku pandalama ndi pachikuto cha pasipoti. Chizindikiro cha dziko lathu, chimene chidaperekedwa mu 1964, chidalembedwa m'malamulo omwewo: chishango pakati, nkhwazi pamwamba, mkango ndi kambuku m'mbali zitaima paphiri la Mulanje, mawu pansi, ndi dzuwa lotuluka. Amene adazolowera kuwerenga kwacha padzuwa limenelo sangavutike kumva kuti dzuwa pachishango limayankhula.

Tsono tiwerenge cha Jamsetjee. Mawu oyamba m'kaundula ndi mtundu wa chishango, ndipo alengezi akafuna kunena buluu amati azure. Liwu limeneli nalonso ndi mlendo wochokera ku Persia. Lidayamba ngati lazhward, dzina la mwala wabuluu wokumbidwa m'mapiri a Badakhshan, lidadutsa m'Chiluya ndi m'Chilatini, lidataya chilembo chake choyamba panjira, n'kukafika pakamwa pa Afalansa ndi Angelezi. Mlembi wa ku London amene adalemba chishango cha Mparsi adayamba ndi liwu la kwawo kwa Mparsiyo.

Mapiri aja adatchulidwa dzina m'kaundula. Ndi Ghats, mtandadza wa mapiri umene uli kummawa kwa Bombay. Munthu woima pagombe la mzindawo mbandakucha, nyanja ili kumbuyo, amaona dzuwa likutulukira kumeneko. Pa nthawiyo kujambula malo enieni pachishango kunali m'fasho, makamaka pa zishango za akazembe a nkhondo monga Nelson, ndipo akatswiri a pambuyo pake adainyoza fashoyo kuti imasandutsa chishango kukhala chithunzi cha pakhoma. Pa zishango zambiri ndimagwirizana nawo. Pa ichi ayi, chifukwa mapiri opanda dzina sakadanena chimene mapiri awa akunena. Mparsi wa ku Bombay akadzuka kupemphera m'mawa amayang'ana dzuwa, ndipo dzuwalo limachokera ku Ghats. Iran ali kumbuyo kwake, kumpoto chakumadzulo, kutsidya kwa nyanja. Kuti asunge mwambo wa makolo ake a ku Persia ayenera kufulatira Persia n'kuyang'ana mapiri a India. Makolowo adachokera ku Khorasan, dziko la kotulukira dzuwa, ndipo mdzukulu wawo adajambulitsa kotulukira dzuwa kwatsopano. Phiri la Bahrot lija, limene lidabisa moto zaka 12, lili m'mphepete mwa mtandadza womwewu.

Kumasulira kumeneku n'kwanga, kaundula amangotchula zinthu osanena chifukwa. Koma taonani njira imene sadaitsate. Mwambo wa zishango uli ndi njira yosavuta yosonyezera kuti munthu ali ndi mbali ziwiri: kudula chishango pakati, uku dziko lina, uku dziko lina, mzere pakati. Zizindikiro zodziwika za Persia zinaliponso. Mkango ndi dzuwa zinali chizindikiro cha mafumu a Qajar, ndipo Fath Ali Shah anali atakhazikitsa mendulo ya dzina limenelo mu 1808. Pachishango cha Jamsetjee palibe mzere wodula, palibenso mkango wa shah. Pali chithunzi chimodzi, m'mawa umodzi, dzuwa ndi phiri zitagwirana. Ndi shuga uja ali mumkaka.

Pikoko ndi mbalame ya ku India, imene idadzasankhidwa kukhala mbalame ya fuko mu 1963. Nayonso ili ndi ulendo wake wa pakati pa mayiko awiriwa, wolowera kwina. Mpando wachifumu wa pikoko, umene udapangidwira Shah Jahan, mfumu ya ku India, udalandidwa ku Delhi ndi Nader Shah, mfumu ya ku Persia, mu 1739 n'kupita ku Persia, ndipo dzina lake lidasanduka dzina la ufumu wa Persia weniweniwo. Tirigu amene mbalameyo yaimamo akukumbutsa kuti malemba a chipembedzo cha Zarathustra amalemekeza wofesa mbewu ndi wothirira nthaka youma monga wochita ntchito yopatulika. Ngala ili kukamwa ikhoza kukhala ya kudya kapena ya kupatsa, ndipo mawu a pansi aja akutsamira ku kupatsa.

Njuchi ndizo za ku England. M'zaka zimenezo anthu olemera ndi mafakitale, amene analibe agogo omenya nkhondo pakavalo, ankakonda njuchi posonyeza kuti chuma chawo n'cha thukuta. Banja la Sir Robert Peel, amene anali nduna yaikulu ya Britain mu 1842, lidalemera ndi nsalu za thonje ndipo chishango chawo chili ndi njuchi. Mzinda wa Manchester udalandira chizindikiro chake chaka chomwecho, chili ndi njuchi zitazungulira dziko lapansi. Mwana wamasiye wotsuka mabotolo anali ndi chifukwa chonyadira khama lake, ndipo poika njuchi ankauza Angelezi m'chinenero chawo kuti iye ndi a Peel ndi amodzi.

Pa njuchi pomwepa ndi pamene mtima wanga sukhazikika. Dzuwa ndi mapiri zikunena zoona. Njuchi zikunena theka. Uchi wa mng'oma umenewu udatengedwa ku maluwa a ku Malwa, ndipo amene adaulipira ndi mabanja a ku Canton ndi Fujian amene bambo adagona pamphasa ndi kaliwo mpaka munda kupita. Duwa limenelo pachishango palibe. Chishango chimajambulidwa ndi mwini wake ndi omulemekeza, ndiye sichiulula. Odwala amene adachira ku J. J. adachiradi, amayi amene adaleka kumira pa Mahim adapulumukadi, ndipo sindingawachotsere zimenezo. Koma ndalama inali yomweyo, ndipo woyamikira dzuwa la pachishangochi ayenera kudziwa mtengo wa utoto umene adalijambulira.

Mu 1857, chaka chimene asilikali a ku India adaukira ulamuliro wa East India Company, Jamsetjee adakwezedwa kukhala baronet, woyamba wa ku India. Udindo umenewu udayambitsidwa ndi James I mu 1611, ndipo oyamba kuulandira ankalipira mapaundi 1,095 othandizira asilikali ku Ulster, kumpoto kwa Ireland. N'chifukwa chake baronet amaloledwa kuika kadzanja kofiira ka Ulster pachishango chake. Motero pambali pa dzuwa la Zarathustra ndi mapiri a India padabwera chizindikiro cha dziko linanso, chotsalira cha utsamunda wina wakale, cha dziko limene Jamsetjee sadalionepo. Iye mwini ku Britain sadapondeko, ngakhale mzinda wa London udamupatsa ulemu wa mfulu ya mzindawo mu 1855.

M'zaka zomwezo Aparsi a ku Bombay adatembenukira kwa abale awo otsala ku Iran, amene anali atachepa ndi kusauka m'midzi ya ku Yazd ndi Kerman. Mu 1854 adatuma Maneckji Limji Hataria kukaona mmene akukhalira. Iye adakonza akachisi, adatsegula masukulu, ndipo adadandaulira boma la shah kwa zaka zambiri mpaka mu 1882 Naser al-Din Shah adachotsa msonkho wa jizya pa iwo, msonkho womwe uja udathawitsa makolo. Ndalama zidapita ku Iran, koma Aparsi sadasamukire kumeneko. Amene adasamuka adalowera kwina: ku Aden, ku Hong Kong, ku Zanzibar komwe Farrokh Bulsara, woimba amene dziko lidamudziwa monga Freddie Mercury, adabadwira mu 1946, ndi ku London komwe Dadabhai Naoroji adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo mu 1892. Ku India komweko akucheperachepera. Kalembera wa 2011 adapeza Aparsi 57,264.

Jamsetjee ankaopa kuti chuma chikadzagawikana udindo udzatsala wopanda pogwira. Atamwalira, mu 1860, boma la India lidakhazikitsa lamulo lapadera la banja lake lokha. Lamulolo lidapatula chuma chobala marupi 100,000 pachaka pamodzi ndi nyumba ya ku Mazagon kuti ziziyenda ndi udindowo, ndipo lidalamula kuti aliyense wolowa m'malo asiye dzina lake lobadwa nalo n'kutenga la woyambayo. Ife amene tidaona munthu akulowa dzina la amalume ake tsiku lolongedwa ufumu sitingadabwe nazo, kungoti kumeneko dzina limatsata mzere wa kuchimuna. Mwana wake Cursetjee ndiye adayamba kusiya dzina lake. Kuyambira pamenepo ku Bombay sikudasowe Sir Jamsetjee Jejeebhoy, ndipo wachisanu ndi chitatu adalowa dzinalo mu 2006, pamodzi ndi chishango chabuluu chija, njuchi zake ziwiri ndi dzuwa lotulukira ku Ghats.